Za mchere, kachingwe ka m'chiuno ndi suti ya mu Okutobala

Sabata ino m'tauni muno mpira sunakambidwe kwenikweni, ngakhale za mizere ya mafuta agalimoto anthu azipumitsa kaye. Nkhani yomwe yayenda kuchokera ku Area 25 mpaka ku Kawale, kudzera m'maminibasi, pazigayo ndi pa WhatsApp, ndi ya mchere. Mchere womwewu wothira m'ndiwo.

Akuti pamaliro ena ku Nsungwi, amayi amumpingo ndiwo anagwira ntchito yophika. Nyemba zitapsa, mayi ena odziwika, amene pa mavesi sagwidwa ndipo akayamba pemphero ana amagona n'kudzuka lisanathe, anaima ndi mbale ya mchere m'manja. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, kenako n'kukodola kamtsikana kamene kankadutsa ndi ndowa. "Iwe, tabwera. Thira umu." Kamwanako kanathira, mayi aja anatakasa, moto unapitiriza kuyaka. Zikanathera pomwepo, koma panali wina amene anaona, ndipo woona wa masiku ano amakhala ndi foni m'manja.

Ana obadwira ku Bwaila n'kukulira pa TV akhala akufunsa kuti chachilendo n'chiyani pamenepa. Tiwauze. Kwa makolo athu munthu amakhala wotentha kapena wozizira. Mayi amene ali kumwezi, kapena amene wakhalira malo amodzi ndi mwamuna pa nthawi yomwe mudzi ukudika, monga pamaliro, sathira mchere m'ndiwo kuopa kudula odyawo. Matenda ake ndi mdulo, ena amati tsempho: kutupa miyendo ndi nkhope, kupweteka m'chifuwa, kutsokomola magazi. Mwana wosatha msinkhu ndi wozizira, n'chifukwa chake amamutuma.

Pampopi m'mawa mwake ndowa zinadzaza n'kumatayika, eniake ali pamkangano.

"Chikhristu chanji choopa mchere?" anatero mayi wina wa mpingo wa Pentekosite. "Pa Marko 7 Ambuye anaimaliza kalekale nkhani imeneyi. Chodetsa munthu chili mumtima, si m'poto."

"Inu amayi, musatero," anayankha mnzake. "Akanathira okha, mwezi wamawa wina n'kutupa miyendo, mukanaloza yani? Si inu nomwe mukanayamba manong'onong'o?"

Namwino wina amene anali pamzere anayesa kuikapo zake, kuti mwana wotupa miyendo kawirikawiri amakhala woperewera zakudya m'thupi, ndipo wotsokomola magazi athamange akayezetse TB asanataye miyezi ndi mizu. Anthu anavomera ndi mitu mwaulemu, monga timachitira munthu wasukulu akamayankhula, kenako anapitiriza pomwe anasiyira. Amene anatseka pakamwa onse ndi agogo ena omwe anabwera ndi kachigubu kamodzi. "Ana inu muziseka. Mdulo ndiye anali wapolisi wa mabanja. Mkazi akakhala ndi pakati, kapena khanda lili m'chikuta, bambo ankafika pakhomo dzuwa lisanalowe poopa kudula mwana wake. Lero mdulo mwauchotsa, mwaikapo chiyani? Amuna anu si awa akuyenda ndi mafoni awiriawiri, ina yosalira m'nyumba?"

Ine kuona kwanga, mayi a mchere aja mwina sakhulupirira n'komwe kuti mchere ungaphe munthu. Chimene anaopa ndi funso lija lomwe limalamulira dziko lino kuposa malamulo onse opangidwa ku Nyumba ya Malamulo: anthu adzati chiyani? Tsoka lake, pothawa miseche ya mawa anadziitanira ya lero, pakuti poitana kamwana kaja analengeza za kuchipinda kwawo kwa onse obwera pamaliro. Ndipo poti mayiwo ndi achikulire ndithu, za kumwezi palibe anaziganizira. Amuna awo akuti sabata yonse akuyenda atatukula chifuwa.

M'minibasi yochokera ku Area 23 Lachitatu, mkulu wampingo wina wa jekete ndi kachikwama ka Baibulo anaitenga nkhani ya mchereyo n'kuikokera ku ubatizo. Akuti Lamulungu lobatiza ana, makanda amabwera atavala zoyera zokhazokha, tinsapato toluka, tizipewa ta lesi, koma ukangonyamula mmodzi umamva kanthu kolimba m'chiuno. Kachingwe kakuda, nthawi zina kokhala ndi kachithumwa. Ukakweza kachipewa upeza paliwombo apaka zakudazakuda.

"Makolo akulonjeza pamaso pa mpingo kuti mwana adzamulera mwa Ambuye, uku m'thewera muli inshuwalansi," anatero mkuluyo.

Mayi wina wachitsikana amene anafukata khanda kumpando wakumbuyo sanapirire. "Abambo, chingwecho anamanga ndi apongozi anga atabwera kudzaona mwana. Ndidule ine? Mwanayu akangotentha thupi usiku umodzi, ine ndikalowera kuti? Inu mudzabwera kudzandiyankhira kwa akuchimuna?"

Mkulu uja asanapeze vesi loyankhira, kondakitala analowererapo. "Madala, inu mukulimbana ndi kachingwe. Taonani kutsogoloko." Pagalasi panali pomatidwa chithunzi cha mneneri wina wa suti yonyezimira, ndipo pakalilole ka dalaivala pankalendewera kabotolo ka madzi odzozedwa. "Abwana anagula zimenezo kuti galimoto isamachite ngozi. Pansi pa mpando wa adalaivala palinso china chochokera kumudzi, koma chimenecho sinditchula, ntchito ndikuifunabe." Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Potsika padepoti ndinasuzumira matayala. Awiri akumbuyo anali osalala, mawaya akuonekera.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 77 ndi Akhristu, pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo wovomera pamaso pa wolemba kuti amatsata chipembedzo cha makolo ndi mmodzi yekha. Tsono tayendani wapansi kuchokera ku Mchesi kukafika kumsika waukulu, muwerenge mapepala omata pamapolo a magetsi: kubweza mwamuna wothawa, kukwezedwa pantchito, kuwina mlandu, kukhwimitsa bizinesi. Ngati asing'anga onsewo amadyera munthu mmodzi yekha uja pa 100, ndiye kuti munthuyo ndi wolemera kuposa boma. Achikulire akukumbukira chaka cha 1995, pamene a Billy Goodson Chisupe a ku Machinga, amene analota maloto, ankamwetsa anthu mchape woti uchiza Edzi. Kunakhamukira malole, mabasi ndi magalimoto apamwamba omwe, ndipo pamzere wolandira kapu palibe ankafunsa mnzake kuti ndiwe wa mpingo uti. Edzi inapitiriza kutenga omwa ndi osamwa omwe, mpaka boma linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004.

Kondakitala uja sanapite kusukulu ya ubusa, koma anaona bwino. Botolo lasintha wogulitsa, wogula akuganizabe chimodzimodzi: kuti chitetezo ndi kanthu kogula, komanga m'chiuno kapena kopachika pagalasi, ndipo ukakhala nako matayala ungawaiwale. Pa Machitidwe 8 pali Simoni wamatsenga wa ku Samariya, amene anabatizidwa bwinobwino, kenako n'kutulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu kwa atumwi. Zimene Petro anamuyankha kawerengeni nokha, sizoyenera kulemba m'magazini ya banja.

Kuchigayo ku Biwi nkhani inayamba moseketsa. Mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi anapita kumapemphero a usiku wonse chifukwa geni yake siikuyenda. Cha m'ma 2 koloko usiku mneneri anamuitanira kutsogolo, natsinzina, nati akuona mayi wachikulire, wamfupi, wovala duku, wokhala kumudzi m'nyumba yoyandikana ndi mtengo wa mango. "Azakhali anga a ku Dowa!" anakuwa mayiyo, n'kugwa pansi. Wogayitsa wina, ufa uli mbuu kunkhope, anafunsa funso limene mumpingomo munalibe wolifunsa: "Kodi alipo Mmalawi wopanda azakhali aafupi, ovala duku, okhala pafupi ndi mango?" Mnzake anaonjezera kuti geni ya mayiyo dera lonse limaidziwa. Amakongoza tomato kwa aliyense womuitana kuti asisi, kabuku ka ngongole alibe, mpamba amadyera limodzi ndi phindu. Koma kuyambira usiku umenewo sopo ndi shuga zopita ku Dowa zinaima, ndipo ana anauzidwa kuti tchuthi chino kumudzi kulibe.

Apa chiseko chimayamba kuwawa. Makolo athu ankaliona dziko motere: palibe chongochitika chokha. Munthu akamwalira, funso silikhala lakuti wafa ndi chiyani, koma wamupha ndani. Malungo ndi udzudzu, tavomera, koma udzudzuwo unadumpha bwanji ana onse a m'mudzi n'kudzaluma wanga? Maganizo amenewa sitinawasiye panja polowa m'tchalitchi. Tinalowa nawo, tinawaveka suti n'kuwapatsa maikolofoni. Kale woloza mfiti anali wa ula, lero amanyamula Baibulo. Wolozedwa yekha ndiye sanasinthe: nkhalamba, kawirikawiri mayi wamasiye, wosauka, wopanda mwana pafupi womuikira kumbuyo. Sindinamvepo mneneri ataona m'masomphenya malume wa galimoto amene amapereka chakhumi chonenepa.

Mu Januwale 2016 ku Neno mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17, ndipo anthu anapha nkhalamba zinayi zapachibale pake pozinena kuti ndizo zinatumiza mphenziyo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anaphedwa pongoganiziridwa, mlendo aliyense wonyamula chikwama n'kukhala pangozi. M'maboma onsewa matchalitchi ndi osawerengeka, ndipo ogenda miyala aja ambiri ali ndi mayina a ubatizo. Lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likadalipo, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Nalo Baibulo silili kumbali ya oloza zala. Pa Yohane 9 ophunzira a Yesu anali ndi funso lathu lomweli: ataona munthu wobadwa wakhungu anafuna kudziwa wolakwa, kaya mwiniwake kaya makolo ake. Yesu anakana kuloza aliyense, anangomuthandiza munthuyo. Anzake a Yobu anatha machaputala ambirimbiri akufufuza chomwe chinaitana tsoka, ndipo kumapeto amene anakalipiridwa ndi iwowo. Azakhali a ku Dowa akudikirabe sopo.

Tibwerere ku zoseketsa. Pabawo la pansi pa mtengo ku Chinsapo madoda akusimbirana za maliro a kumudzi wina cha ku Mitundu. Womwalirayo anali Mkhristu wa zaka zambiri, dzina lili m'kaundula, masika osaphonya. Akwaya anachezera pasiwa usiku wonse. M'mawa, mlaliki akungotsegula buku, ng'oma inalira cha kumanda. Zinapezeka kuti malemuwo anameta ali mnyamata, ndipo anzawo a kudambwe anati sangawasiye kuyenda okha ulendo wautali chonchi. Zilombo zitatulukira, kwaya inabalalika nyimbo ili pakati. Woimba besi, bambo wathupi amene amadandaula mawondo sabata iliyonse, akuti analumpha mpanda wa bafa osaukhudza. Amfumu anayesa kugawa tsiku, ampingo mpaka 12 koloko, gule masana. Ampingo anakana, anasonkhanitsa mabuku awo n'kumapita.

"Ndiye kuti akuluwo apita ndi makalata awiri," anatero mmodzi wa madoda akutakata nkhomo. "Pachipata akakana ina, atulutsa inayo."

Mkangano umenewu ndi wamkulu kuposa tonsefe. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, ndi ansembe a White Fathers atakhazikika ku Mua mu 1902, anapeza kuti wolimbirana nawo anyamata ndi dambwe: mwana apite kusukulu kapena akamete. Nyau nazo sizinagone. Zinasema Simoni wa nkhope yofiira ya mzungu wopsa ndi dzuwa, zinasemanso Maria, n'kumawavinitsa pabwalo anthu akuseka. Mpaka lero wagule ukamufunsa mpingo wake amakuyankha, nkhope ili gwa, kuti ndi wa Aroni, uja anaumba mwana wa ng'ombe wagolide Mose ali kuphiri. Baibulo amalidziwa ndithu anthuwa, kungoti amasankha masamba, ndipo pamenepo sasiyana kwenikweni ndi ena a ife.

Ku Mua komweko, patapita zaka, wansembe wochokera ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976 n'kusonkhanitsa nkhope za gule mazanamazana m'nyumba ya Chamare. Kumeneko amati musanathamangitse chilombo, imvani kaye chimene chikuphunzitsa, pakuti china chimadzudzula chiwerewere, china umbombo, china mfumu yankhanza. Mipingo yambiri, kuphatikizapo Sinodi ya Nkhoma, imanenabe kuti munthu sangakhale wa mgonero ndi wa dambwe pa nthawi imodzi. Pakati pa zonsezi UNESCO inalengeza gule wamkulu mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse, ndipo Ogasiti aliyense mabasi amadzaza kupita ku Mkaika ku Katete, ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mukafufuza bwino okwerawo mupezamo madikoni, akwaya ndi amayi a duku loyera, onse akuti akungokaonerera.

Ampingo ali nayo mfundo. Kudambwe amati chilombo ndi mzimu wa akufa, pomwe Mkhristu sapempha kanthu kwa akufa. Ndipo gule wothamangitsa ana asukulu ndi wolanda ndalama pamsewu ngakhale mafumu a Achewa amamudzudzula. Koma kunyamula mabuku n'kusiya mayi wamasiye pakati pa maliro a mwamuna wake, Mkhristu mnzanu wa zaka zonsezi, zimenezo m'Uthenga Wabwino sindinazipeze. Ndipo m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati adzukulu okumba manda ndi anyamata omwewo a kudambwe. Dzenje lawo palibe mpingo unalikanapo. Kugona pasiwa, kambale ka ufa kochokera khomo lililonse, chipepeso, kusiya khasu mudzi wonse chifukwa mnzanu wagwa: zimenezi amishoni anazipeza, ndipo za kulira ndi olira panalibe choti atiphunzitse.

Pakhonde la telala ku Kawale nyengo ino ndi ya ndalama. Okutobala uno, dzuwa likuswa mtengo, telala akusoka masuti a operekeza ukwati, a nsalu yokhuthala yopangira anthu a kumaiko ozizira, pamodzi ndi diresi la mkwatibwi la mchira wautali woti ukasese fumbi la pabwalo la tchalitchi. Mnyamata wina wa kabaza amene anabwera kudzasoketsa thalauza anapumira m'mwamba.

"Ine ndi mayi akunyumba tili ndi ana atatu. Ankhoswe alipo, chinkhoswe tinachita, tambala ndi msoti zinasinthana manja amalume akuona. Koma kutchalitchi amati ukwati wathu ngosadalitsa, mgonero timangoonerera."

"Nanga bwanji osadalitsa, achimwene?" anafunsa telala, singano ili pakamwa.

"Holo, keke, magalimoto, wojambula, zoimbira, zovala za operekeza. Ndizitenge pa njinga yomweyi?"

Mkulu wina amene ankadikira jekete lake anati kudalitsa ukwati sikulira zonsezo. Abusa, ankhoswe, mboni, pakati pa sabata, theka la ola nkhani yatha. Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Bambo, ndiye akuchikazi adzati chiyani? Kuti mwana wawo ndinamukwatira mobisa ngati ndamuba?"

Nachonso ichi n'chikhalidwe, kungoti palibe amachitchula choncho chifukwa chinabwera pa sitima pamodzi ndi Baibulo. Velo, keke yosanjikiza, tayi, diresi loyera: palibe ndi chimodzi chomwe cholamulidwa m'Malemba. Diresi loyeralo linatchuka ku Ulaya Mfumukazi Victoria itavala lotero pa ukwati wake mu 1840. Pa ukwati wa ku Kana sitimva za keke, ndipo chimene chinatha kumeneko, pofuna kusunga mtendere ndi abale athu a CCAP, tisachitchule. Ife tinalandira katundu yenseyo n'kuonjezerapo wathu: perekaniperekani wa maola anayi, wotsogolera mwambo akuitana akuchimuna onse, anzake a kuntchito, ochokera ku Ntcheu, ovala zofiira, mpaka aliyense waima kasanu. Mwezi usanathe a banki m'khonde agogoda pakhomo la banja latsopanolo. Ndiye taganizani, bambo wa ana atatu, wokhulupirika kwa mkazi mmodzi, akuonerera mgonero kwa zaka chifukwa alibe ndalama ya mwambo wa Angerezi umene Angereziwo ambiri anausiya. Pa Machitidwe 15 atumwi anakhala pansi ku Yerusalemu pa mlandu wofanana ndi uwu, woti kodi munthu wa mtundu wina ayambe watenga miyambo ya Ayuda kuti akhale Mkhristu. Anagamula kuti asasenzetsedwe katunduyo.

Mkazi wa telala, amene amasita zomwe mwamuna wake wasoka, anaponyamo yake. Amishoni a ku Nkhoma ataletsa chinamwali anaona kuti atsikana akukula opanda wowauza kanthu, ndipo anayambitsa chilangizo cha mumpingo, alangizi m'malo mwa anamkungwi. Ng'oma inachoka, anatero mayiyo, koma muyezo sunasinthe. Usiku wa malangizo mkwatibwi amamukhazika maola atatu: pirira, gwada, usamayankhe, za m'nyumba sizituluka. Mkwati amamuuza kwa mphindi khumi kuti asamachedwe kumpira. "Chonsecho pa Aefeso 5, tawerengani mavesi, ambiri akulankhula kwa bambo." Telala anapondaponda makina mwamphamvu kuti asamve.

Ya kumalo ometera tsitsi ku Area 18 ndiyo yandikhalitsa pansi. Mpingo wina wakhala ukusonkha ndalama za denga kwa zaka. Mapepa Sande achitika, maulendo a ndawala ayendedwa, amayi agulitsa zitenje ndi mandasi. Msonkhano uliwonse asungichuma amatsegula ndi mwambi woti mutu umodzi susenza denga. "Mitu yasenza," anatero wometa uja, makina ali m'khosi mwa kasitomala. "Denga lake lili kuti?" Malata sanaoneke, koma kunyumba kwa asungichuma kwamera mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Tsono mnyamata wina amene anaphunzira zowerengera ndalama anakweza dzanja pamsonkhano wa mpingo n'kupempha kuti aone malisiti. M'tchalitchi munangoti zii. Kenako mkulu wina wa imvi anatembenuka n'kufunsa, osati za malisiti, koma kuti, "Kodi mwana ameneyu ndi wa yani?" Madzulo ake nthumwi zinafika kwa mayi ake a mnyamatayo. Mayiwo anagwada, anapepesa kuti mwana anamulera okha bambo ake atamwalira, ndipo nthumwizo zinabwerera ndi nkhuku. Malisiti mpaka lero.

Ulemu wathu ndi wokongola, ndipo ine sindifuna dziko limene mwana amalandira chinthu kwa agogo ake ndi dzanja limodzi, lina lili m'thumba. Koma tinaphunzitsidwanso kuti wamkulu salakwa, ndipo titalowa m'tchalitchi tinapeza vesi lija loletsa kukhudza odzozedwa n'kulikumbatira ndi manja awiri, chifukwa linanena zomwe tinkakhulupirira kale. Masamba ena timawadumpha. Natani anapita kwa Mfumu Davide n'kumuuza pamaso za mkazi wa Uriya. Paulo anatsutsa Petro pagulu ku Antiokeya, chonsecho Petro ndiye anali wamkulu mu utumwi. Paulo yemweyo, posonkhetsa ndalama zothandizira osauka a ku Yerusalemu, anaonetsetsa kuti pakhale anthu osankhidwa ndi mipingo oyenda nazo limodzi, kuti pasapezeke wonena kuti zina zalowa m'thumba. Zili pa 2 Akorinto 8, asungichuma angakonde kuwerengapo.

Ndipo si za m'Baibulo zokha. Pa 8 Malichi 1992, m'nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inanena poyera zomwe anthu ankangonong'onezana atatseka mawindo: kutsekeredwa popanda mlandu, malipiro osakwanira, mantha oyankhula. Inalembedwa mwaulemu wonse, yopanda chitonzo ndi chimodzi chomwe. Boma linati ndi youkira, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko, koma pa 14 Juni 1993 Amalawi anaponya voti ya riferendamu n'kusankha zipani zambiri. Ngati anthu a Mulungu anatha kufunsa Ngwazi, asungichuma a denga ndi ndani?

Choncho inu owerenga, Lamulungu likubwerali, mlembi akamaliza kuwerenga lipoti la ndalama n'kufunsa ngati pali funso, musayang'ane nsapato. Imirirani, ombani m'manja mwaulemu, atchuleni akuluakuluwo maudindo awo onse osasiyapo ndi umodzi, kenako pemphani malisiti a malata. Nkhuku ya mayi anu muyambe mwaitsekera.